Machesi ndi omwewo, koma moto wa Okutobala si wa Juni

Ukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi kachisisira, mwezi wa Seputembala, n'kuponya maso kum'mawa kumene msewu wa ku Namwera umakwera mapiri, suchedwa kuona mizere yofiira ikukwawa m'mwambamo. Usiku wonse imakhala ili psuu, wina apa wina apo, ngati mikanda yomwazika. Kukacha, timaphulusa ta udzu timagwera pa zovala zoyanika ndi pa usipa wa pa thandala, ndipo mapiri amene mu Meyi amaoneka bwinobwino amabisala mu utsi wotuwa. Ife a kuno tinazolowera. Timangoti, "Ayamba kutentha tchire," n'kupitiriza zathu.

Chikhalirecho anthu amasonkha moto kutchire chaka chonse. Wofula njuchi sayenda wopanda muuni, wootcha makala sapuma, wosuta fodya amataya kotsala kake paliponse. Nanga bwanji moto wa mu Juni umangonyambita udzu n'kuzima wokha dzuwa likalowa, pamene wa mu Okutobala umadumpha msewu, kukwera phiri, n'kukagwetsa mitengo imene yakhala ikupirira moto zaka ndi zaka? Munthu ndi yemweyo, machesi ndi omwewo. Zimene zasintha ndi udzu, mpweya ndi mphepo.

Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndiye tiyambe ndi tchirelo. Mvula ya kuno imagwa miyezi yochepa, kuyambira kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo m'mbali mwa nyanja imakwana mamilimita ozungulira 800 pa chaka. Kumtunda, cha ku Namwera ndi ku Katuli, imagwa yochulukirapo. M'miyezi imeneyi tsekera amatalika kupitirira munthu, nsenjere ndi bango zimadzaza m'madambo ndi m'mphepete mwa Shire ndi Malombe. Kenako mvula imakata, ndipo kwa miyezi 6 kapena 7 sikugwa kanthu koti n'kunyowetsa nthaka. Zonse zimene dzinja linameretsa zimasanduka chakudya cha moto.

Ambiri timaganiza kuti chaka cha chilala ndicho cha moto woopsa. M'nkhalango zowirira za kumayiko ena zimaterodi, koma m'tchire la udzu ngati lathuli kawirikawiri zimatembenuka. Chaka chimene mvula yagwa bwino udzu umachuluka, n'kugwirana kuchoka kudambo mpaka kuphiri popanda mpata, moti moto ukayamba susowa poponda. Chaka cha ng'amba udzu umamera patalipatali, ng'ombe ndi mbuzi zimaumaliza msanga, moto n'kumafera panjira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope; akanawonjezera kuti waliranso udzu. Poopsa penipeni ndi pamene ziwirizi zatsatizana, dzinja la mvula yambiri kenako chilimwe chotentha chimene mvula yake ikuzengereza.

Komanso udzu wouma suuma chimodzimodzi tsiku lonse. Amayi omweta udzu wofolera amazidziwa kuposa aliyense: m'mawa udzu umakhala wofewa, umapindika osathyoka, koma pofika masana umangothyokera m'manja. Udzu wakufa umamwa chinyezi cha mumpweya n'kuchibwezanso, ndipo poti ndi wopyapyala, umachita zimenezi msangamsanga, mu ola limodzi kapena awiri. Chipika chimatenga masabata kuti chiume mpaka pamtima. Ndiye mu Meyi ndi Juni, ngakhale nsonga za udzu zitauma, kutsinde kumakhala kukadali kobiriwira, masamba ogwa akadali ndi chinyontho, zitsa ndi zipika zikadali zonyowa m'kati. Pofika Okutobala zonsezi zauma gwaa, ndipo mitengo yambiri yayoyola masamba, kuwonjezera zinyalala pansi n'kutsegulira dzuwa ndi mphepo njira.

A zanyengo amayeza chinyezi chimenechi m'maperesenti. Mpweya uli ngati chinkhupule chimene chimakula chikatentha: kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kapena 11, madzi amene mpweya ungasunge amawirikiza kawiri. Choncho mpweya womwewo umene m'bandakucha unali utakhuta mpaka kugwetsa mame, pofika 2 koloko masana umakhala ndi ludzu, ndipo umayamwa madzi paliponse pamene wawapeza, mu udzu, m'masamba, ngakhale pa milomo yathu imene imang'ambika nyengo ino. Mame ndiwo amatizimira moto wambiri ife tili mtulo. Mu Juni ndi Julayi usiku umazizira, mame amagwa, moto umene unayaka masana umafooka n'kufa. Usiku wa Okutobala ku Mangochi tonse timaudziwa, uja wogona pabwalo pa mkeka chitseko chili pululu. Mame kulibe, ndipo moto umachezera kudikira dzuwa la mawa. Mizere yofiira ija ikamafika mpaka tambala woyamba, dziwani kuti chinyezi chatha.

Pa kutentha sindichulutsa gaga. Tili m'chigwa, nyanja yathu ili pa mamita ozungulira 474 okha pamwamba pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake kuno kumaotcha kuposa ku Zomba kapena ku Dedza. Kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, mitambo isanayambe kuliphimba, ndipo kupitirira madigiri 35 si nkhani yoti munthu n'kudabwa nayo.

Ndinaziona ndi maso chaka china kumunda kwa amalume, m'tsinde mwa phiri, kutsidya kwa Shire. Anali atasosa, mapesi ndi zinyalala ataziunjika milumilu. M'mawa kunali bata, koma iwo anati ayambe akazonda matenda kumudzi wina. Anabwera cha m'ma 1 koloko, dzuwa likuswa mtengo, n'kutulutsa machesi m'thumba la malaya.

"Amalume, bwanji tidikire madzulo? Taonani mmene masamba a mgwalangwa akugwedezekera."

"Iwe mphwanga, munda uno ndinayamba kuutentha usanabadwe. Tenga nthambi ukaime uko."

Milu iwiri yoyamba inapsa bwinobwino. Pa wachitatu panadzuka kamvuluvulu, wamng'ono ndithu, amene anadutsa pakati pa muluwo, kunyamula makoko a chimanga oyaka n'kuwakweza m'mwamba ngati mbalame. Ena anakatera mu tsekera kuseri kwa malire, mamita 30 kapena 40 kuchoka pamene tinaima. Tinangomva thethethe, ndipo mmene timafika ndi nthambi zathu malawi anali atatalika kutiposa. Nthambi yaiwisi imathandiza moto ukamalekeza m'mawondo. Ukafika pamutu, nkhope imakana yokha. Anthu anathamanga kuchoka m'mudzi ndi makasu ndi zikwakwa, ndipo palibe amene anataya nthawi kulimbana ndi malawi. Onse anapita kutsogolo kukalambula kuti usafike kunyumba. Unapsereza mitolo ya udzu wofolera imene mayi wina wamasiye anaunjika pansi pa mtengo, unawaula mitengo iwiri ya mango, n'kukwera phiri. Unayaka masiku awiri. Mlandu unathera kwa amfumu, amalume analipa mbuzi, ndipo mpaka lero amati kamvuluvulu uja anachita kutumizidwa.

Palibe anamutumiza. Kamvuluvulu amabadwa pamene nthaka yopanda chophimba yatentha kwambiri, mpweya wapansi n'kukwera mothamanga uku ukuzungulira, ndipo nthawi yake ndi yomwe ija imene iwo anasankha. Munda wososa kumene, dzuwa la masana, mulu woyaka pakati: anamuitana okha.

Mphepo imapemerera moto monga timachitira pa mbaula, koma si pokhapo. Imagoneka malawi chakutsogolo kuti aziwamba udzu umene sanaufike, moti pofika pamenepo udzuwo umangolandira. Imanyamulanso nthethe n'kuzidumphitsa msewu, mtsinje, ngakhale pamene munalambula. Ndipo kuno mphepo tili nazo za mayina. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa, umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kulowerera mu Seputembala. Ku Mulanje ndi ku Thyolo mpweya umenewu umabwera ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu, koma pofika m'chigwa chathu umakhala utasiya madzi ake m'mapiri. Mwera ndiwo umaumitsa tchire mu Julayi ndi Ogasiti, kulikonzera Okutobala. Chilimwe chikamapita kumapeto mphepo imayamba kusinthasintha, lero vuma, mawa mpoto, ndipo wosonkha moto sangadziwe kuti utsi wake ulowera kuti.

Palinso kamphepo ka tsiku ndi tsiku kamene kamapusitsa ozima moto. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, ndiye mphepo imachoka kunyanja kulowa kumtunda. Usiku mtunda ukazizira imatembenuka, kutsika m'mapiri kupita kunyanja. Asodzi a ku Makawa, ku Malindi kapena ku Chembe amadziwa nthawi imene imatembenukira. Kwa moto kutembenukako n'koopsa. Mbali imene inali nthiti, yaitali koma yofatsa, imasanduka mutu mwadzidzidzi, ndipo amene anaima kumeneko poyesa kuti ali pabwino amangozindikira ali kutsogolo kwake.

Phiri nalo limachita ngati mphepo. Yatsani kamtengo ka machesi, mukagwire mutu uli pansi, muone mmene lawi limathamangira ku zala. Akatswiri ozima moto amawerengera kuti malo akapendekeka ndi madigiri 10, liwiro la moto wokwera limawirikiza kawiri, ndipo pa madigiri 20 limawirikiza kanayi. Masana kamphepo ka kunyanja kaja kamakankhiranso chokwera komweko. Tayang'anani mmene boma lathu linakhalira: Namizimu, nkhalango ya Mangochi, Phirilongwe, mapiri a kwa Nankumba. Minda ili m'munsi, nkhalango ili pamwamba. Moto wothawa kumunda sufunsa njira.

Kumayiko ena ozima moto ali ndi kachizindikiro kosavuta kukumbukira, ka ma 30 atatu: kutentha kupitirira madigiri 30, chinyezi kutsika pansi pa 30 peresenti, mphepo kuthamanga kupitirira makilomita 30 pa ola. Zitatuzi zikakumana moto sugwirika. Ku South Africa amaphatikiza kutentha, chinyezi, mphepo ndi masiku amene apita chigwereni mvula, n'kulipatsa tsikulo mtundu wake, ndipo akalengeza kuti ndi lofiira palibe wololedwa kusonkha moto kutchire. Kwathu kuno nthambi yoona zanyengo imalengeza pa wailesi za mwera ndi za kutentha koopsa. Msodzi akamva kuti mwera ukubwera amakokera bwato kumtunda osanyinyirika, chifukwa gombe lililonse lili ndi nkhani ya amene anapita osabwerako. Uthenga womwewo mlimi amaumva ngati wa eni mabwato. Ine ndimaona kuti apa m'pamene timataya. Mphepo imene ikuletsa bwato kulowa m'madzi ndi yomweyo imene idzanyamule makoko oyaka kumunda, kungoti makutu athu sanazolowere kumva chenjezo limodzi kawiri.

Mphenzi zimayatsa tchire mwa apo ndi apo, makamaka mitambo yoyamba ikamagunda popanda mvula, koma moto wambiri ndi wa manja athu. Nkhani ikafika pa wailesi mlandu umagwera osaka mbewa. Alipo ndithu. Koma m'boma lino, mmene mabanja ambiri sadya n'komwe mbewa chifukwa cha chipembedzo, tchire limapsabe chaka ndi chaka, ndiye tisawasenzetse anyamata a mbewa katundu yense. Pali wososa, pali woweta amene akufuna msipu uphuke msanga, wothamangitsa nguluwe ndi anyani, wofula uchi, wa makala amene uvuni wake waboola usiku, woopa njoka pa njira ya kuchitsime, ndi wina amene wangokwiya ndi alonda a nkhalango. Ambiri mwa amenewa ukakhala nawo pansi chifukwa chawo chimamveka. N'chifukwa chake kulalikira kwakuti "osatentha tchire" kwakhala kukulowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Ndiponso tchire lathuli linakula ndi moto. Makina a m'mlengalenga amene amajambula dziko tsiku lililonse amaonetsa kuti pa malo onse amene amapsa pa dziko lapansi, pafupifupi magawo 7 mwa 10 ali mu Africa muno. Mitengo ya m'nkhalango za miombo ina ili ndi makungwa ochindikala, ngati mlombwa, ndipo yambiri ikapsa pamwamba imaphukira kumizu. Moto imaudziwa. Chimene chimaipha ndi mwezi umene motowo wabwera.

Ku Ndola, m'dziko la Zambia, a zankhalango anaziyesa zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo. China ankachitentha chaka chilichonse kumayambiriro kwa chilimwe, china kumapeto kwake, china osachitentha konse, ndipo mu 1959 katswiri wa zomera Colin Trapnell analemba zimene zinapezeka. M'chigawo cha moto wochedwa mitengo ikuluikulu ya miombo inali itatha pafupifupi yonse, kutsala zitsa zophukira ndi mitengo yochepa yopirira moto pakati pa udzu. M'chigawo cha moto woyambirira nkhalango inali chiimire, yosasiyana kwambiri ndi imene sinatenthedwe. Chifukwa china tonse timachiona ndi maso osachiganizira. Cha mu Seputembala miombo imatulutsa masamba atsopano ofiira aja, mvula isanagwe, pogwiritsa ntchito chakudya chimene inasunga m'mizu ndi m'thunthu. Moto ukawawaula pamenepo, mtengo wapsetsa nkhokwe yake.

Pamenepa m'pamene pagona nzeru ya a zankhalango yotentha msanga: kusonkha dala moto wofatsa mu Meyi kapena Juni, chakumadzulo, udzu ukadali ndi chinyontho, m'zigambazigamba, kuti wa Okutobala ukadzabwera udzapeze mipata yopanda chakudya. Amaphatikiza ndi kulambula njira zotchinga moto m'malire. Si zachilendo kwenikweni, pakuti agogo athu ankatentha mozungulira mudzi ndi manda udzu usanaumitsitse. Koma kunena n'kosavuta. Udzu wofolera umamwetedwa cha mu Juni ndi Julayi, ndiye ukatentha msanga waotcha denga la mnzako. Pamafunika amfumu, komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, amayi a udzu ndi eni ng'ombe akhale pansi n'kugwirizana kuti dambo ili lidikire, chitunda icho chipse. Kuletseratu moto nako kuli ndi msampha wake. Malo amene sanapse zaka zitatu kapena zinayi amaunjika zinyalala, ndipo tsiku limene moto udzalowe, poti udzalowa ndithu, umaposa onse.

Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kusonkha moto m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Bungwe la African Parks, limene linayamba kuyang'anira malo osungira nyama a Liwonde mu 2015, linatenganso nkhalango ya Mangochi mu 2018. Koma moto suwerenga chikwangwani, ndipo kawirikawiri umayambira kunja, pa malo a mudzi, kumene mlonda wake ndi nthambi yaiwisi. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo ndi nyengo yobzala mitengo, timamva za mbande mamiliyoni, akuluakulu atagwira makasu pa zithunzi. Kamtengo kofika m'bondo kamene kali pakati pa tsekera sikapulumuka moto wa masana a Okutobala. Ndikanakonda mitengoyi tikanamaiwerenga mu Novembala.

Za kusintha kwa nyengo zimalowa chonchi. M'zaka za El Niño, pamene madzi a nyanja ya Pacific atentha kuposa nthawi zonse, monga dzinja la 2015/16 ndi la 2023/24, mvula kuchigawo chakumwera imachepa kapena kudukiza, moti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kwa moto, chachikulu ndi kutalika kwa chilimwe. Mvula ikakata msanga n'kuchedwa kubwera, masabata a udzu wouma gwaa amawonjezeka, pamene kanthawi ka moto wofatsa kamafupika. Digiri iliyonse yowonjezera imakuza ludzu la mpweya ndi pafupifupi 7 peresenti. Njala nayo imatumiza anthu ambiri kuphiri, ku makala ndi ku nkhuni zogulitsa, aliyense ndi machesi ake m'thumba.

Kenako tsiku lina, kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, kumagwa kamvula kamene makolo anakatcha chizimalupsa. Kamazimadi zitsa zofuka, fungo la dothi n'kudzaza mudzi. Koma kamanyenganso. Udzu wouma mu ola limodzi uja, dzuwa la masiku awiri limaubwezera pomwe unali, ndipo amene anachedwa kusosa amathamangira machesi nthawi yomweyi poopa kuti mvula yeniyeni iwapeza.

Yotsatira ndiyo kokalupsa. Imagwa pa chitunda chopanda udzu kapena tsamba loti liilandire, madontho amamenya dothi lamaliseche, ndipo madzi amatsika ali bii, atasenza phulusa ndi nthaka ya pamwamba. Amadzaza ngalande za m'misewu n'kukathera mu Shire, mu Malombe ndi m'nyanja. Ku Cape Maclear, kumene Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha nsomba zake, mbuna zimadya ndere za pa miyala. Matope akakuta miyalayo n'kudetsa madzi, ndere sizimera bwino. Chambo nacho chimakumba zisa zake pansi pa madzi osaya, kumene matope a m'mitsinje amayamba kudikha. Chaka cha moto wa amalume chija, kokalupsa anatsika ndi mchenga wa m'phiri lomwe lija n'kukwirira mizere yonse ya kumunsi kwa munda. Tinabzala kawiri.